Mutu suthima ngati magetsi

Chaka chatha mwezi wa May ndinatha sabata zitatu ndikusowa tulo. Fodya anali atapanidwa kale, mabelo seveni ali pakhonde kudikira galimoto yopita ku Chinkhoma, ngongole ya feteleza ku banki mkhonde ikundiyang'ana, fizi ya mwana wa Form 3 nayo ili apo, nde ndimati ndikagona cha m'ma 10 koloko, pofika 1 koloko maso ali tong'o mpaka atambala. Kuno matenda amenewa timawadziwa, timati kuganiza kwambiri, ndipo aliyense mankhwala ake ndi amodzi, "musamaganize kwambiri aphunzitsi", ngati kuti kuseri kwa khutu kuli ka switch koti munthu ungodina basi zonse zii. Magetsi amathima, netiweki imathawa, koma mutu ayi.

Mnzanga wina amene timaphunzitsa limodzi, iye Chingerezi ine Biology, ndi amene ananditumizira ka audio pa WhatsApp. Mayi wina wa mawu ofewa akuti khala pansi, tsinzina, werenga mpweya wako kuyambira wani mpaka teni, ukasokoneza yambiranso. Mphindi khumi zokha. Ndinaseka, ndinati zimenezi nde ntchito?

Mmawa mwake ndinadzuka 5 koloko, kuzizira kwa May kuja, ndinatenga kabenchi nkukakhala kuseri kwa chigafa. Kukoka mpweya, wani. Kutulutsa. Kukoka, thuu. Ndisanafike pa folo ndinali nditachoka kalekale. Fungo la fodya linandikumbutsa jeke amene ndinabwereka kwa a neba kuti sindinawapatsebe kangachepe, kuchoka apo ndinakumbuka kuti mwana wawo ndinamukalipira mkalasi teremu yatha, kenako ndinapezeka ndili mu ofesi ya a hedi tikukangana za timetable, mkangano woti sunachitikepo nkomwe, iwo kuyankhula ine kubweza, iwo kuyankhula ine kubweza, mpaka mlanduwo ndinawina. Tambala atalira mpamene ndinadzidzimuka kuti aa, paja ndimawerenga mpweya. Ndinayambiranso. Ulendo uno ndinafika pa sikisi.

Mayi a kunyumba anandipeza chomwecho, maso chitsinzinire, ndowa ili kumanja. "Abambo a Tada, zayambanso ziti izi? Si zija amatiletsa kutchalitchi zija?" Amayi anga, omwe timakhala nawo chimwalirireni bambo, anangoseka nkunena kuti musiyeni, mwana ameneyu chibadwire sanakhalepo phee.

Zinandiwawa pang'ono, osati mawu awo koma kulephera kuwerenga mpaka teni, munthu woti ndimaima kutsogolo kwa ana 90 kuwajambulira ubongo pa bolodi. Nde ndinagula bandulo nkuyamba kufufuza kuti kodi ndine ndekha wopepera kapena bwanji.

Choyamba chondivuta chinali dzina lenilenilo. Pa Chingerezi amati meditation, ndipo anthu amamasulira kuti kusinkhasinkha, koma kusinkhasinkha kwa ife nkutenga nkhani nkumaitembenuza uku ndi uku, zomwe ndimachita kale 1 koloko usiku popanda wondiphunzitsa. Izi nzina. Apa ukusankha chinthu chimodzi, kaya mpweya kaya mawu kaya phokoso, nkuikapo chidwi, maganizo akathawa uwabweze osawakalipira. Mawu oyandikirako kwa ine ndi kukhazika mtima pansi, ngakhale azasayansi iwo amaloza kumutu pomwe ife timaloza pachifuwa.

Sindinali ndekha. Mu 2010 anthu awiri a ku Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anapanga ka pulogalamu ka pa iPhone komwe kamalira nthawi ina iliyonse nkufunsa munthu kuti ukutani pano, ukumva bwanji, ndipo ukuganiza za chomwe ukuchitacho kapena zina. Anthu 2,250 anayankha. Anapeza kuti pa mayankho 100 aliwonse, pafupifupi 47 munthu anali kwina, thupi lili pano mutu uli ku Santhe. Theka la moyo! Ndipo nthawi zomwe maganizo athawazo anthu amanena kuti sakusangalala kwenikweni kuyerekeza ndi pomwe mutu uli pa chomwe akuchita, olo chikhale chotopetsa.

Chifukwa chake chili mu ubongo momwemo. Ubongo umalemera mwina kilo imodzi ndi magalamu 400, uli ndi maselo otchedwa neuron pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo ngakhale uli kachigawo kochepa ka thupi umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse zomwe nsima yatipatsa. Kale ofufuza akamuika munthu mu makina ojambula ubongo amamupatsa ntchito, werenga ichi, yang'ana icho, ndipo nthawi yopuma pakati pa ntchitozo amaitenga ngati ziro. Marcus Raichle wa ku St. Louis ndi anzake anaona kuti pali zigawo zina zomwe zimachita zosemphana, munthu akapatsidwa ntchito zimatsika, akangosiyidwa kuti apume zimadzuka. Mu 2001 anazitcha default mode, ndipo pano anthu amati default mode network. Zimakhudzana ndi kukumbuka zakale, kukonza zamawa, kuganiza za iwe mwini ndi mmene anthu akukuonera. Mkangano wanga ndi a hedi uja, fakitale yake ndi imeneyi. Mu 2011 Judson Brewer ku Yale anaika mu makina a fMRI, oonetsa mbali za ubongo zomwe zikugwira ntchito, anthu omwe akhala akukhazika mtima pansi kwa zaka zoposa khumi, anapeza kuti zigawo zikuluzikulu za netiweki imeneyi zimagwira ntchito mocheperako kusiyana ndi anthu ongoyamba kumene.

Koma kafukufuku yemwe anandifika pamtima ndi wa mayi wina, Wendy Hasenkamp, ku Emory mu mzinda wa Atlanta, wa 2012. Anatenga anthu 14 ozolowera kale zimenezi, kuwagoneka mu makina mphindi 20 akutsatira mpweya, nkuwapatsa batani mmanja. Lamulo linali limodzi, ukangozindikira kuti wachoka, dina. Anthuwa amadina pafupifupi ka 15 pa mphindi 20 zimenezo. Ozolowera amenewo, osati ine wa pa kabenchi. Pogwiritsa ntchito nthawi ya batani ija anatha kudula zithunzi za ubongo mzigawo zinayi, pomwe munthu wasochera, pomwe wadzidzimuka kuti ndasochera, pomwe akubweza chidwi, ndi pomwe wakhazikikanso pa mpweya, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi mbali zake za ubongo zomwe zimayaka. Kudzidzimuka kuja kumayatsa malo otchedwa insula ndi anterior cingulate, omwe ntchito yawo nkukodola munthu kuti taona ichi.

Nditawerenga izi ndinakhala kaye chete. Ine ndimayesa kuti kulira kwa tambala kuja, pomwe ndinati aa paja ndimawerenga, ndiko kulephera. Chonsecho ntchito yake ndi imeneyo. Zili ngati kubusa mbuzi mdzinja, palibe mbusa amene mbuzi zake zimaima malo amodzi, mbusa wabwino ndi amene amaona msanga kuti imodzi yalowera ku chimanga cha eni. Ndipo china, taonani kuti makina a ndalama zankhaninkhani aja sakanadziwa okha kuti munthu wasochera liti. Anafunika chala cha mwini wake. Mfundo imeneyi ndibwereranso.

Nkhani yomwe imatchuka kwambiri ndi ya amonke. Richard Davidson wa ku yunivesite ya Wisconsin anakumana ndi Dalai Lama, mtsogoleri wa Chibuda cha ku Tibet, mu 1992, ndipo mkuluyo anamufunsa kuti inu mumafufuza za nkhawa ndi mantha, bwanji osafufuzanso za chifundo? Patapita zaka, mu 2004, Antoine Lutz ndi Davidson anatulutsa zotsatira. Anatenga akatswiri asanu ndi atatu a Chibuda cha ku Tibet omwe anali atachita izi maola pakati pa 10,000 ndi 50,000 pa moyo wawo, kuwaveka chisoti cha mawaya oposa 100 chomwe chimamva timagetsi ta ubongo, makina ake amati EEG, nkuwauza kuti adzaze mtima ndi chifundo kwa zamoyo zonse. Mafunde othamanga kwambiri otchedwa gamma anakwera modabwitsa ndipo mbali zotalikirana za ubongo zimagunda pamodzi ngati ng'oma za gule zikagwirizana. Ana a sukulu khumi omwe anangophunzitsidwa sabata imodzi sanafikeko olo pafupi. Mmodzi mwa omwe anathandiza pa ntchitoyi ndi Matthieu Ricard, Mfalansa yemwe anali ndi digiri ya udokotala wa sayansi ku Paris nkusiya zonse kupita ku mapiri a Himalaya. Manyuzipepala anamutcha munthu wosangalala kwambiri padziko lonse, dzina lomwe mwini wake amalikana.

Ndinatenga kakyuleta. Maola 10,000 pa mphindi khumi patsiku ndi masiku 60,000, zaka zoposa 160. Kkkk. Nde munthu akakutumizirani chithunzi cha mmonke wa mawaya kumutu nkumati inunso ubongo wanu ukhala chonchi mukadawuniloda app yathu, muzidziwa kuti akukugulitsani mbuzi ili mthumba. Komanso anthu eyiti ndi ochepa, amonkewo anali achikulire kuposa ana a sukulu aja, ndipo palibe anawayeza asanayambe kuti tidziwe ngati sanabadwe choncho.

Apa mpomwe mphunzitsi wa Biology mwa ine anadzuka. Pali mawu omwe amazungulira kwambiri pa Facebook oti sabata eyiti zokha ubongo umakula. Gwero lake lilipo. Mu 2005 Sara Lazar ku Boston anapeza kuti anthu 20 ozolowera anali ndi khungu la ubongo lokhuthalako mmalo ena. Mu 2011 Britta Hölzel anayeza anthu 16 asanayambe ndi atamaliza maphunziro okhazika mtima pansi a sabata eyiti, aja anayambitsa Jon Kabat-Zinn ku Massachusetts mu 1979, nkupeza kusintha mu hippocampus, mbali yothandiza kukumbukira. Nkhani inafala dziko lonse. Koma mu 2022 gulu la Davidson yemweyo, motsogozedwa ndi Tammi Kral, linabwereza ndi anthu oposa 200, kuwagawa mwamaere mmagulu atatu, ena maphunziro aja, ena maphunziro a zaumoyo wamba, ena kungodikira. Sanapeze kusintha kulikonse pa kaumbidwe ka ubongo. Ine ndinawapatsa ulemu anthu amenewa, chifukwa munthu woti moyo wako wonse wauika pa chinthu nkutulukira poyera kuti apa sitinapeze kanthu, si ambiri angatero. Koma nkhani ya 2022 simuiona ikuzungulira mma gulupu.

Kuthandiza kumathandiza, koma mwa mlingo wake. Mu 2014 a ku Johns Hopkins anasonkhanitsa kafukufuku 47 wa anthu 3,515, anapeza kuti nkhawa, kukhumudwa ndi ululu zimatsikako ndithu, koma panalibe umboni woti zimaposa mankhwala kapena masewera olimbitsa thupi. Ndipo si onse zimawayendera bwino. Willoughby Britton ndi Jared Lindahl a ku Brown anacheza ndi anthu 60 omwe zinawavuta, ena mantha, ena kusowa tulo kumene, ena zoopsa zakale kubwerera, ena kumva ngati thupi si lawo. Munthu amene mutu wamulemera zenizeni, woti akuganiza zodzipweteka, malo ake ndi kuchipatala ndi kwa anthu, osati pa kabenchi yekha kuseri kwa chigafa.

Tsopano chomwe chinandisowetsa tulo kachiwiri, koma mokoma, ndi funso lina. Zonsezi zikunena za mbali iti yayaka, mbali iti yatsika. Nanga amene akumva kuzizira kwa May uja ndani? Kuzindikira kumeneku, koti ndilipo, ndikumva fungo la fodya, kumachokera pati mu nyama ya pafupifupi kilo imodzi ndi theka?

Ife funso limeneli timakumana nalo kuchipatala. Mwana wa mchemwali wanga anadwala malungo aakulu ali ndi zaka zinayi, anakomoka masiku awiri. Ndimakumbuka a dokotala akuyendetsa chala kutsogolo kwa maso ake, kenako kumutsina pa chikhadabo, kumvetsera ngati alire, nkulemba nambala pa fayilo. Nthawi imeneyo sindimadziwa kuti kayezedwe kameneka kanabadwira konkuno. Ndi Blantyre Coma Score, ya Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, ya 1989, yopangidwira ana omwe sanayambe kuyankhula bwino. Maso akutsatira, mfundo imodzi. Kuyankha ku ululu, mpaka ziwiri. Kulira, mpaka ziwiri. Zonse pamodzi faifi, ndipo thuu kutsika mmunsi ndiye kuti mwana wakomoka kwenikweni. Ku Queens komweko kunabwera makina a MRI mu 2008, ndipo mu 2015 anatulutsa zoti ana ambiri omwe amamwalira ndi malungo a mu ubongo, ubongo umatupa mpaka kupanikiza tsinde lake lomwe limayendetsa kupuma. Wathu uja anatsitsimuka tsiku lachitatu nkupempha Fanta. Pano ali Standard 7. Nditamufunsa kuti unali kuti masiku awiri aja, anangondiyang'ana ngati ndapenga.

Koma kuyeza konseko nkwa kunja, ukugogoda pachitseko kuti umve ngati muli munthu. Nanga ngati munthu alimo koma sangathe kuyankha? Mu 2006 Adrian Owen ku Cambridge anaika mu fMRI mtsikana wa zaka 23 yemwe anachita ngozi ya pamsewu ndipo kwa miyezi isanu samasonyeza chizindikiro chilichonse choti akumva. Anamuuza kuti yerekeza ukusewera tenisi. Mbali ya ubongo yokonza kayendedwe ka thupi inayaka. Yerekeza ukuyenda mzipinda za nyumba yako. Mbali ina yokhudza malo inayaka, chimodzimodzi anthu abwinobwino. Analimo. Ndipo taonaninso, anachita kumufunsa.

David Chalmers, katswiri wa filosofi wa ku Australia, ndi amene mzaka za m'ma 1990 anapatsa nkhaniyi dzina loti funso lovuta. Akuti kufotokoza mmene ubongo umasiyanitsira mitundu, kusunga zinthu, kuyendetsa manja, nzovuta inde koma njira yake ikuoneka. Chovuta chenicheni nchoti bwanji zonsezi zimamveka kanthu kwa mwini wake, bwanji sizingochitika mumdima ngati mmene kakyuleta amawerengera osamva kalikonse. Mu 1998 iye ndi Christof Koch, wasayansi wa za ubongo, anabetcherana, Koch anati pomatha zaka 25 tidzakhala titapeza chizindikiro chenicheni cha kuzindikira mu ubongo. Mu June 2023 ku New York, Koch anavomera kuti waluza nkupereka bokosi la vinyo. Ichi nchifukwa chake ena mwa ofufuza, kuyambira Francisco Varela wa ku Chile, amati anthu ozolowera kuyang'ana mkati mwawo ndi ofunika mu labu, osati ngati mbewa zoyesera koma ngati mboni. Ukamufunsa munthu wamba ngati ine kuti umaganiza chani masekondi asanu apitawo akuuza zopeka. Munthu amene wathera zaka akudziyang'anira amatha kunena kuti apa mpomwe chidwi chinayamba kuterereka, ndipo wa makina nkukayang'ana pa mzere wa nthawi yomweyo.

Za mayi a kunyumba zoti izi nzachikunja, ndinawayankha ndi kafukufuku yemwe, ngakhale sanakhutire. Andrew Newberg ku Pennsylvania anajambula ubongo wa masisitere a Chifransisko akupemphera chamumtima, ndipo mu 2006 anajambulanso amayi asanu akuyankhula malilime. Mwa a malilimewo mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imawongolera zochita mwadala, inatsika poyerekeza ndi pomwe amangoimba nyimbo zauzimu, zomwe zikugwirizana ndi zomwe eni ake amanena kuti si ine ndikuyendetsa lilime. Wokhulupirira akamva amati mwaona, ndi Mzimu. Wosakhulupirira amati mwaona, ndi ubongo chabe. Chithunzi chimodzimodzi chomwecho, ndipo sichingaweruze mlandu umenewo.

Koma yomwe inandisekesa ndi ya ku Italy. Mu 2001 Luciano Bernardi anayeza anthu 23 akunena kolona mu Chilatini, wina kuyamba theka ena kumalizitsa monga timachitira, ndipo anapeza kuti kupuma kumatsika kokha kufika ka 6 pa mphindi, pomwe munthu wongokhala amapuma kuyambira ka 12 kupita mmwamba. Mawu obwerezabwereza a yoga anachitanso chimodzimodzi. Ka 6 pa mphindi nkofanana ndi kafunde kena kachibadwa ka kuthamanga kwa magazi komwe kamazungulira pa masekondi khumi aliwonse, nde mpweya ndi mtima zimayamba kuyendera limodzi. Ine kuwononga bandulo kufuna mayi wa mawu ofewa wa kunja, chonsecho mnyumba mwanga momwe muli munthu amene madzulo aliwonse 8 koloko amakhala pamkeka, miyendo chitambasulire, kolona wa mikanda yabuluu woti anaduka kawiri nkumangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza, ndipo wachita zimenezi kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinawerengera, mphindi 20 patsiku kwa zaka 50 zikupitirira maola 6,000. Palibe amene anabwera ndi chisoti cha mawaya kudzawayeza.

Nde tsiku lina ndinati ndiyese ndekha. Magetsi anali atathima, kandulo ili pa tebulo, amayi akutsogolera "Tikuoneni Maria", Tada ndi mlongo wake akuyankha "Maria oyera" mwaulesi muja ana amachitira. Ndinakhala pakona ndi foni, stopwatch ikuyenda, ndikuyang'ana phewa lawo likamakwera. Mphindi yoyamba ndinapeza seveni. Yachiwiri seveni. Yachitatu sindikudziwa, chifukwa ndinapezeka ndikuwerengera kuti belo ya makilo 100 pa mtengo wa chaka chatha ikanabwera zingati ndikachotsa transipoti, ndipo pomwe ndimadzidzimuka stopwatch inali pa mphindi naini.

Atamaliza anandiyang'ana. "Iwe umatani ndi foni anzako akupemphera?"

Ndinawafotokozera zonse, za ku Italy, za ka 6 pa mphindi, anangoti mhm. Kenako ndinafunsa chomwe ndimafuna kwenikweni. "Amayi, mukamanena kolona maganizo anu sathawa?"

"Amathawa bwanji osathawa. Lero ndinali ku Chamama kwa malemu achemwali anga, tikukolola mtedza."

"Nde mumatani?"

"Chala chimakhala chili pa mkanda. Ndikabwerako ndimapeza pomwe ndinasiyira."

"Nanga mumamva bwanji mkatimo, pomwe simunathawe?"

Anakhala kaye, akukulunga kolona uja pa zala. Ndinayesa akufuna mawu. Kenako anati ndiwathandize kudzuka bondo lawuma, ndipo ndikatseke khola la nkhuku chifukwa Tada waiwalanso.